Pale ale wanu ukusukuluka pakangotha masabata atatu? Tipeze kaye pomwe fungo likuthawira

Vuto lake limabwera chonchi abale. Mwafulula pale ale wanu, mowa wowala uja wodalira fungo la ma hops (timaluwa towawitsa ndi kununkhiritsa mowa), ndi chimera chokhachokha, mash (kunyika chimera m'madzi otentha kuti shuga atuluke) yayenda bwino, ma hops mwathira mosaumira, tsiku lothira m'mabotolo fungo la mango ndi mandimu lili guu khitchini yonse mpakana aneba kufunsa kuti kukuphikidwa chani. Nde pakatha masabata atatu kaya anayi mwaitana anzanu, mwatsegula botolo, fungo lija kulibe. Mtundu womwe unali wowala uja wada, wayamba kupita ku bulauni, kukamwa ukungotsekemera chabe, kumapeto kwake mukumva kafungo ka katoni yonyowa. Mukafululanso, chimodzimodzi. Ambiri zikatere amangoti ma hops anachepa, nde amaoda ochuluka kuposa poyamba, madola apita, mowa nkusukulukabe pa sabata yomwe ija. Ine mmene ndimaonera, kuchepa kwa ma hops ndi chinthu chomaliza kuchikayikira. Nthawi zambiri fungo munali nalo kale lokwanira, koma mpweya ndi kutentha zinakulandani yisiti itamaliza kale ntchito yake.

Musanasinthe chilichonse pezani kaye nthawi yomwe fungo linachoka, ndipo mphuno yanu ndi yokwanira pa ntchito imeneyi. Nunkhizani potsegula paketi ya ma hops, lawani wort (madzi otsekemera a chimera aja, yisiti isanalowe) mukangouziziritsa, lawaninso kamowa kamene mwayezera hydrometer (kachida koyezera shuga wotsala m'mowa) kuwira kukatha, kenako tsiku lothira m'mabotolo, nde muzilemba m'kope olo mawu awiri okha. Ngati fungo linalipo mpaka tsiku la mabotolo nkuthawa pambuyo pake, mutha kudumpha zapakatizi mupite pansipo pa nkhani ya mpweya chifukwa gwero lili pomwepo. Ngati linali lofooka kuyambira kale, tiyambire pa paketi.

Ngati paketi yomweyo ilibe fungo

Ambirife kuno ku Harare ma hops timadalira obwera kuchokera ku South Africa, kaya ndi olimidwa ku tauni ya George konko monga mitundu ya Southern Passion ndi African Queen, kaya ndi a ku America monga Cascade ndi Citra omwe timagula m'mashopu a ku Johannesburg. Nde taganizani ulendo wake, kapaketi kali m'chikwama pansi pa basi kapena mu tirela, kudikira pa malire a Beitbridge dzuwa likuswa mtengo, kudzafika pa siteshoni ya mabasi ya Roadport katafunda usana ndi usiku. Mafuta onunkhira a ma hops, makamaka aja amati myrcene, sagwirizana ndi kutentha komanso mpweya. Paketi ya foil yomatidwa bwino yopanda mpweya mkati imapirira ulendo umodzi wotere bwinobwino, koma ija yomwe wina anatsegula nkugawa m'timajumbo tooneka mkati ayi, imeneyo imafika itatheratu.

Kuyeza kwake nkosavuta. Tengani tima pellet (timibulu ta ma hops) titatu, tikitani m'manja mpaka tifumbutuke nkufunda pang'ono, kenako fungatirani manja pamphuno. Abwino amakhala obiriwira, amasiya kaulimbo m'zikhatho, ndipo fungo limakulasani nthawi yomweyo. Okalamba amaoneka achikasu kupita ku bulauni, amangoyoyoka opanda ulimbo, fungo lake la tchizi kapena masokosi ovala kale. Amenewo olo muthire theka la kilo simupeza mango ayi. Pogula funsani chaka chomwe anakololedwa, a ku George amakololedwa cha mu February ndi March, a ku America cha kumapeto kwa August ndi September, nde mutha kuwerengera nokha kuti akhala nthawi yaitali bwanji. Akafika pakhomo alowe mu firiza tsiku lomwelo, ndipo poti magetsi athuwa amapita osatsanzika, ayikeni pansi penipeni pakati pa mabotolo a madzi oundana, osati pa chitseko. Mukatsegula paketi nkutsala ena, finyani mpweya wonse, pindani, mangani, mubwezeretse msanga.

Pa mphika

Pali chinthu china chomwe ma recipe a pa intaneti sakuuzani chifukwa ambiri owalemba amakhala kufupi ndi nyanja. Harare ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,490, nde madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95 osati 100. Zimenezi zimakhudza zinthu zingapo. Choyamba thermometer. Munthu amayiviika m'madzi owira, akuona 95, nkumati yawonongeka, nkuyikonza kuti izinena 100. Akatero ndi pamene wayisokoneza, tsopano izinena madigiri okwera kuposa enieni, iye akuti mash ili pa 66 pomwe ili pansi pa pamenepo, mowa nkutuluka wopyapyala wopanda thupi. Yezerani m'madzi odzaza ndi ayezi, inene 0, ndipo m'madzi owira ikanena 95 ili bwinobwino, isiyeni. Pale ale amafuna mash ya madigiri 65 kapena 66 kwa ola limodzi. Mukafika 69 kaya 70 shuga wambiri amakhala woti yisiti singadye, mowa umatsala wotsekemera ndipo kutsekemera kumeneko kumaphimba ma hops. Chimera cha crystal, chokazinga chotsekemera chija, nachonso musachulutse, chisapitirire 5 peresenti, mowa wa crystal wambiri ukagwidwa ndi mpweya umakalamba moonekera kwambiri.

Chachiwiri kuwawa. Pa madigiri 95 ma alpha acid, zowawitsa za m'ma hops, amasungunuka nkusanduka owawa pang'onopang'ono kusiyana ndi pa 100, nde recipe yomwe ikulonjeza IBU (muyeso wa kuwawa) 40 kuno ikupatsani ochepera. M'mapulogalamu owerengera recipe monga Brewfather kapena BeerSmith muli poti mulembe kutalika kwa malo anu, lembani kuti masamu akhale a kuno. Koma chonde musavindikire mphika pofuna kuti utenthe kwambiri. Nthunzi imeneyo ndi yomwe imachotsa DMS, kafungo ka chimanga chophika kaja, mukavindikira kamagweranso momwemo. Ngati chimera chanu ndi cha lager kapena pilsner wiritsani mphindi 75 mpaka 90 mphika uli pululu.

Nanga ma hops mukuthira nthawi yanji? Omwe mwathira pa mphindi 60, kutanthauza kutatsala mphindi 60 kuti kuwiritsa kuthe, ntchito yawo ndi kuwawitsa basi, fungo lawo lonse limapita ndi nthunzi, ndi lomwe mumamva kukoma kukhitchini lija. A fungo thirani moto mutazimitsa, wort utatsika kufika pa madigiri 75 mpaka 80, asiyeni mphindi 20 kenako muziziritse msanga. Pa malita 20, chimera cha pale makilo 4.5 ndi crystal wowala magalamu 200, mutha kuthira magalamu 20 a ma hops a alpha 12 kapena 13 peresenti pa mphindi 60, magalamu 60 pa madigiri 80 paja, ndi ena 60 mpaka 80 a dry hop (ma hops osawiritsa othira mu ndowa yofululira). OG (nambala ya hydrometer musanathire yisiti) ibwera cha mu 1.050, FG (ya pamene kuwira kwatha) cha mu 1.010, mowa wa 5 peresenti ndi pang'ono. Amenewa ndi okwanira kununkhiritsa ngati zina zonse zili m'malo mwake.

Ena poti madzi ndi ovuta sagwiritsa ntchito paipi ya kopa yoziziritsira, amangothira wort wotentha m'chigubu nkusiya uzizire wokha usiku wonse. Njirayi imagwira, koma dziwani kuti ma hops omwe munathira kumapeto aja amakhala m'madzi otentha kwa maola, nde amasanduka owawitsa, fungo nkuchepa. Ngati mumatero chepetsani a kumapeto, muwasungire dry hop.

Madzi

Ngati mowa ukumveka mankhwala a kuchipatala, TCP kaya pulasitiki yopsa, ameneyo ndi klorini wakumana ndi zinthu za m'chimera ndi yisiti, ndipo kochepa kwambiri nkokwanira kuphimba fungo lonse la ma hops. Amachokera m'madzi a pampopi, m'thanki yomwe mwathira mankhwala monga WaterGuard, komanso mu Jik yemwe mwatsukira ndowa osatsukuluza bwino. Sindikunena kuti musiye kuthira mankhwala m'madzi a pakhomo ayi, tonse tikudziwa zomwe kolera anachita mu 2008 ndi 2018 ku Budiriro ndi Glen View. Madzi akumwa azithiridwa mankhwala ndithu. Koma ofululira okhawo thiranimo theka la piritsi la Campden pa malita 35, phwanyani, takasani, pakatha mphindi zochepa klorini watha, ndipo wort mukauwiritsa kwa ola lathunthu mulimonsemo. Zotsukira gwiritsani Star San kapena ena osafuna kutsukuluza, Jik asafike pa ndowa yofululira.

Madzi a pamjigo ali ndi nkhani yawo. Mjigo wina ndi wina amasiyana olo muli m'dera limodzi, nde zomwe zikuyenda kwa mnzanu wa ku Mufakose sizingoyenda kwa inu a ku Tafara. Ngati madzi anu amasiya zoyerayera m'ketulo, mwina akukweza pH (muyeso wa asidi, ikakwera ndiye kuti asidi wachepa) ya mash, ndipo chimera choyera cha pale ale chilibe mphamvu yoyitsitsa chokha. Zotsatira zake kuwawa kumakhala kokanda pakhosi, fungo lofooka. Pakatha mphindi 10 kaya 15 mutasakaniza mash tengani pang'ono, ziziritsani, yezani, muzifuna 5.2 mpaka 5.4. Ikakwera thirani lactic acid pang'onopang'ono, yambani ndi mamililita 2, takasani, yezaninso. Madzi otsukuluzira chimera asapitirire madigiri 77, chifukwa madzi otentha kwambiri a pH yokwera amakoka zowawa za m'makoko, nde mowa umamanga m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa. Ngati thanki kapena sinki yanu ili ndi madontho ofiira a dzimbiri, m'madzimo muli ayironi, amenewo musafululire nkomwe, amapatsa mowa kukoma kwa chitsulo komanso amafulumizitsa kusukuluka komwe tikulimbana nakoku. Bola mugule madzi osefedwa a RO aja odzazitsa m'zigubu.

Madzi a RO ndi opanda kanthu, nde muwonjezere gypsum, mchere wokhala ndi sulphate. Tauni ya Burton-on-Trent ku England inatchuka ndi pale ale chifukwa madzi ake ali ndi sulphate wambiri, ndipo sulphate ndi amene amapangitsa kuwawa kumveka koyera, kouma bwino. Galamu imodzi ya gypsum mu malita 10 imawonjezera sulphate pafupifupi 56 ppm (mamiligalamu pa lita), nde magalamu 6 mpaka 8 mu malita 30 akufikitsani pa 110 mpaka 150 ppm. Akhale wogulidwa kwa ogulitsa zofululira, osati wa kumunda kapena womangira nyumba.

Kutentha pamene yisiti ikugwira ntchito

October kuno masana timafika madigiri 29 kaya 30, ndipo m'chipinda cha malata opanda siling'i kumaposa pamenepo. Onjezeraninso kuti yisiti ikamawira imatenthetsa mowa madigiri angapo kuposa chipindacho. Yisiti ya US-05 yomwe ambirife timagwiritsa ija imatulutsa mowa woyera bwino pa 18 mpaka 20. Ikawira pa 28 mumapeza fungo la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, mowa wotentha pakhosi, mutu mawa lake, ma hops osamveka. Masiku atatu oyamba ndi omwe ali ofunika kwambiri. Imikani ndowa m'beseni la madzi, ifunditseni thaulo lonyowa lomwe m'munsi mwake mukukhudza madziwo, ponyanimo mabotolo awiri oundana m'mawa ndi madzulo. Mu September ndi October mphepo imakhala youma nde thaulo limaziziritsa ndithu, mvula ikayamba mphamvu yake imachepa, muzidalira mabotolo. Thermometer imatidwe pa ndowa penipeni nkuphimbidwa ndi kansalu, osamayeza mphepo ya m'chipinda.

Ngati zonsezi simungakwanitse musalimbane ndi nyengo, sinthani yisiti. Kveik ya ku Norway, monga Voss, imagwira bwino pa madigiri 25 mpaka 40, imamaliza m'masiku ochepa ndipo kafungo kake ka malalanje kamagwirizana ndi ma hops athuwa. June ndi July vuto limatembenuka, usiku kumazizira kufika cha mu madigiri 7, yisiti imagona, hydrometer nkuima pa 1.020, nde funditsani bulangete muyike pakati pa nyumba osati m'garaja. Kumapeto kwa kuwira kwezani kufika 21 kapena 22 kwa masiku awiri atatu kuti yisiti idye diacetyl, kafungo ka batala kaja, nako kamabisa ma hops. Kwa amene alibe firiji yofululira, April, May ndi August ndi miyezi yofewa kwambiri.

Mpweya, apa nde pagona nkhani

Okosijeni amafunika kamodzi kokha, wort utazizira musanathire yisiti, pamenepo khutchumulani mmene mungathere. Kuchoka apo kadontho kalikonse ka mpweya kakulowa kakudya fungo lanu. Mowa wa ma hops ambiri ndi womwe umavulala msanga kuposa ina yonse, stout, mowa wakuda uja, atha kupirira zomwe pale ale sangapirire, nchifukwa chake munthu amadabwa kuti njira yomweyo yakhala ikumuyendera pa mowa wina bwanji apa ikukanika. Zizindikiro zake ndi zija tayamba nazo, mtundu kuda, fungo la zipatso zatsopano kusanduka la jamu kapena maswiti akale, kenako katoni.

Musanandikhulupirire yesani nokha. Mpweya utachita ntchito yake, kutentha ndi komwe kumayifulumizitsa, madigiri 10 aliwonse owonjezera amathamangitsa kukalamba kwa mowa kawiri kapena kuposa. Nde mowa ukangogwira gasi tengani mabotolo awiri a tsiku limodzi, lina m'firiji, lina mukabati yofunda. Pakatha masabata atatu ziziritsani onse, thirani m'matambula awiri ofanana, imikani pafupi pa pepala loyera. Ngati la mukabati lada poyerekeza ndi linzake ndipo fungo lachepa, palibenso chokayikitsa, mpweya unalowa, ndipo ma hops anu alibe mlandu.

Tsopano umalowera pati? Poyamba kutsegulatsegula chivindikiro kuti muone mmene zikuyendera. Osatero. Ndowa ikhale ndi kampopi m'munsi, koyezera hydrometer muzitapira pamenepo. Kachiwiri kusamutsira mowa mu ndowa ina kuti ukayere, mabuku akale amalimbikitsa zimenezi koma pa pale ale palibe phindu, mowa ukhale pa yisiti yake masabata awiri palibe chomwe chiwonongeke. Kachitatu dry hop. Tima pellet timalowa ndi mpweya wake, nde thirani kuwira kusanatheretu, hydrometer ili cha mu 1.018 kaya 1.020, kuti yisiti yomwe ikadali maso idye mpweya umenewo. Tsegulani pang'ono, khuthulani, tsekani, zithe m'masekondi. Masiku awiri kapena atatu fungo limakhala litatuluka kale, kuwasiya sabata yoposa kumayamba kubweretsa kukoma kwa udzu. Pa kuchuluka kwake magalamu 3 mpaka 4 pa lita ndi abwino pa pale ale. Ofufuza a ku Oregon State University mu 2018 anayesa Cascade pa milingo yosiyanasiyana napeza kuti mukapitirira magalamu 8 pa lita fungo la zipatso silikweranso kwenikweni, chomwe chimakula ndi kukoma kwa masamba ndi tiyi. Nde mukuona kuti kuwirikiza ma hops kuli ndi malire ake.

Kachinayi ndi kuziziritsa ndowa yonse m'firiji kuti mowa uyere. Mowa ndi gasi wa pamwamba pake zikazizira zimakhwinyata, nde ndowa imakoka mpweya wakunja kudzera mu airlock (kachida ka madzi kotulukira gasi pa chivindikiro), pena mpaka kumeza madzi a mu airlock momwemo. Ngati mulibe gasi wa CO2 yoti ilowe m'malo mwake, siyani, mowa udzayera wokha m'botolo m'firiji.

Koma malo aakulu kwambiri ndi tsiku lothira m'mabotolo. Njira yomwe ambiri tinaphunzira ndi kusamutsira mowa mu ndowa ina momwe muli madzi a shuga, kutakasa, kenako kuthira. Pamenepo mowa wakumana ndi mpweya posamutsa, potakasa, komanso wakhala pululu nthawi yonse yomwe mukudzaza mabotolo. Chitani chonchi. Ndowa yofululira ikhale pa tebulo kuyambira dzulo lake kuti nsenga zikhazikike. Shuga muyike m'botolo lililonse payekha, magalamu 4 mpaka 4.5 pa botolo la 750 ml, muyeze pa sikelo yaing'ono osati ndi diso. Lumikizani kapaipi kothirira kaja, kokhala ndi valavu kunsonga, molunjika pa kampopi ka ndowa. Kalowetseni mpaka kagunde pansi pa botolo kuti mowa uzikwera kuchokera pansi mwakachetechete, osagwa kuchokera pamwamba nkumachita thovu. Yang'anani m'paipimo, mukaona timathovu tikuyenda ndiye kuti polumikizira pakulowa mpweya, imani mumange. Mowa ukafika pakamwa pa botolo tulutsani kapaipi, muona watsika, nde kanikizani nsonga yake m'mbali mwa khosi muwonjezere mpaka patsale sentimita imodzi ndi theka kaya awiri. Musadzazitse mpaka pakamwa penipeni, mowa ukafunda umafufuma nkuswa botolo. Tsekani nthawi yomweyo, botolo limodzi limodzi, osandandalika khumi kuti mudzatseke pamodzi. Muli awiri zimayenda bwino, wina akuthira wina akutseka.

Amene mumagwiritsa mabotolo a pulasitiki a bulauni muli ndi mwayi wina, finyani botolo mpaka mowa ufike pakamwa kenako mutseke mukadali chofinya, gasi akabwera lidzafufumanso lokha. Kungoti pulasitiki imalowetsa mpweya pang'onopang'ono, nde ndi ya mowa womwa msanga. Ena amati yisiti ya m'botolo idya mpweya wonse, zoona imadyako, koma simaliza mpweyawo usanagwire ma hops.

Mabotolo akhale pa madigiri 20 mpaka 22 kwa masiku 10 mpaka 14, tsegulani limodzi, gasi akakwana onse alowe m'firiji. Apa ndi pomwe ambiri kuno timaluzira, kreti imakhala pansi pa bedi kapena m'garaja mwezi wathunthu wa November. Ngati firiji ndi yaing'ono sankhani malo ozizira kwambiri m'nyumba, pansi pa simenti kutali ndi khoma lowombedwa dzuwa.

Muli ndi keg, kathanki ka chitsulo kosungiramo mowa? Kupopera CO2 kangapo mu keg yopanda kanthu sikuchotsa mpweya wonse. Idzazeni ndi madzi a Star San mpaka pakamwa, tsekani, kankhani madzi onsewo ndi CO2, mukatero mkatimo mwatsala CO2 yekha. Mowa ulowere pa paipi yotulukira ija, chivindikiro osatsegulanso.

Zina zomwe zimafanana ndi vutoli koma si lomweli

Mabotolo akamafufuma thovu potsegula, pena kuphulika kumene, ndipo kafungo ka batala kabwerera, nthawi zambiri ndi zomwe amati hop creep. Ma hops osawiritsa ali ndi ma enzyme omwe amaphwanya shuga yemwe yisiti inamulephera, nde yisiti imayambiranso kudya muli m'botolo. Mukathira dry hop dikirani, yezani hydrometer, pakatha masiku atatu yezaninso, nambala ikhale yomweyo musanathire m'mabotolo. Ngati mukuyeza ndi refractometer, kachida koyezera shuga ndi kadontho chabe, kumbukirani kuti mowa ukapangika imanama pokhapokha muwerengere ndi calculator yake.

Fungo la kanyimbi ndi dzuwa. Kuwala kukagunda zowawitsa za ma hops kumapanga fungo limenelo m'mphindi zochepa, olo tambula yomwe mwaisiya pakhonde masana. Mabotolo obiriwira ndi oyera sateteza mokwanira, gwiritsani a bulauni, ndipo ngati chofululira chanu ndi chooneka mkati chifunditseni nsalu yakuda.

Mowa ukamawawasa, pamwamba pali kakhungu koyera, tizilombo talowa. Kawirikawiri ndi ndowa yokandika mkati, kampopi komwe simunakamasule potsuka, kapena ndowa yomwe kunyumba amasungiramonso thobwa kaya mahewu. Zakumwa zimenezi zimakoma chifukwa cha tizilombo towawasitsa tomwe mu pale ale sitikufunika, ndipo tikalowa m'mikwingwirima ya pulasitiki situluka. Gulani ndowa yatsopano ya zakudya ku Mbare, muilembe dzina, ikhale ya mowa wokhawu, ndipo muzitsuka ndi nsalu yofewa osati waya.

Ngati mwakonza zonsezi mowa nkumakhala bwino mpaka masabata 6 kaya 8 kenako fungo nkuyamba kutsika, pamenepo palibenso chowonongeka, mowa wa ma hops wothiridwa m'mabotolo pakhomo umatero. Chomwe mungachite ndi kufulula wochepa pafupipafupi. Malita 10 amafuna chimera makilo 2.25, crystal magalamu 100, ma hops magalamu 10 owawitsa, 30 a pa madigiri 80 ndi 30 mpaka 40 a dry hop, theka la paketi ya yisiti ya magalamu 11.5 likwana. Amatuluka mabotolo 12 kaya 13 a 750 ml, omwe akwana m'firiji ya pakhomo. Gwiritsani ndowa yaing'ono yolingana ndi mowawo, ya malita 15, kuti pamwamba pasatsale malo aakulu a mpweya. Ndipo pofufuza sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, kuyambira ndi kathiridwe ka m'mabotolo, chimera ndi ma hops zikhale zomwezo kuti muone bwino chomwe chasintha.